Kuonerera Woonerera

Mwa zodabwitsa zambiri zimene zabwera ndi lamya za m'manja, chilipo chimodzi chimene makolo ambiri sachimvetsa ngakhale atachiyang'ana motani. Mwana wakhala phee pakhonde, maso ali pa lamya. Mukasuzumira kuti muone chimene chamugwira mtima chotere, mupeza kuti pagalasipo pali zithunzi ziŵiri. Pakona pali kachithunzi kakang'ono ka woimba kapena ka seŵero lina lake; mbali yaikulu yadzaza ndi nkhope ya munthu wina amene wakhala pampando m'chipinda chake, kutsidya kwa nyanja, nayenso akuonerera kachithunzi komweko. Munthuyo sakuimba ndipo sakuvina. Ntchito yake ndi kumvetsera basi, nkumagwedeza mutu, kutong'ola maso, kugwira pakamwa, mwinanso kugwetsa misozi. Mwana wanuyo tsono akuonerera munthu amene akuonerera. Mavidiyo otere pa Chingerezi amatchedwa reaction, ndiye kuti oonetsa mmene munthu walandirira chimene waona kapena kumva, ndipo pa YouTube ndi pa TikTok alipo osaŵerengeka.

Funso la kholo ndi lomveka: bwanji osangomvera nyimboyo payokha? Mayunitsi akutheranji pa nkhope ya mlendo? Ndi funso loyenera ndithu, koma tisafulumire kuliyankha ndi mnyozo. Chinthu chimene chakoka anthu mamiliyoni, ophunzira ndi osaphunzira omwe, chiyenera kuti chakhudza njala yeniyeni ya mtima wa munthu, ndipo nkwabwino kuyamba taidziŵa njalayo tisanaŵeruze chakudya chake.

Khalidweli silinayambe ndi intaneti. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wina wa zojambula mawu ku America, Charley Douglass, anapanga makina osunga phwete la anthu, ndipo nyumba za wailesi yakanema zinkathira phwetelo m'maseŵero oseketsa kuti woonera ali yekha kunyumba adzimve ngati ali pagulu. Anali atazindikira kuti munthu saseka bwino payekha. YouTube itabadwa m'chaka cha 2005, aliyense wokhala ndi kamera anatha kudzijambula yekha. Mu Okutobala 2010 abale aŵiri, Benny ndi Rafi Fine, anayamba mavidiyo otchedwa Kids React: ankaitana ana, nkuwaonetsa kanthu, nkujambula nkhope zawo ndi zonena zawo. Pambuyo pake anachita zomwezo ndi achinyamata ndiponso okalamba, ndipo anthu anakhamukirako. Ifenso mwambo wa kuyankha timaudziŵa kuyambira kalekale. Agogo akati "Padangotero," ana onse ayenera kuvomera kuti "Tili tonse," ndipo akaleka kuvomera, nthano imafera m'kamwa mwa woisimba. Amene anakhalapo pabwalo la nthano amadziŵanso kuti theka la kukoma linali kuona mng'ono wako akubisa nkhope chifukwa cha fisi amene iwe unamuopa chaka chatha.

Kuti timvetse bwino, titenge chitsanzo chimodzi chodziŵika. Mu Julayi 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu ambiri m'nyumba, anyamata aŵiri amapasa a mumzinda wa Gary ku Indiana, Tim ndi Fred Williams, anadzijambula akumvetsera koyamba nyimbo ya Phil Collins yotchedwa In the Air Tonight. Nyimboyi inatuluka m'chaka cha 1981, iwo asanabadwe. Ili ndi khalidwe lake lachilendo: imayenda pang'onopang'ono, mwakachetechete, kwa mphindi zitatu ndi theka, mpaka womvera kuganiza kuti ithera pomwepo, kenaka mwadzidzidzi ng'oma zimagwa ngati chiphaliwali. Anyamata aja sankadziŵa chimene chikubwera. Ng'oma zitagwa anadzidzimuka, nabwerera chambuyo pamipando yawo, naimitsa nyimbo kuti ayambe apuma. Anthu mamiliyoni anaonerera kamphindi kameneko, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho nyimbo ya zaka 39 inakwera kufika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri pa iTunes ku America.

Kodi oonerera aja ankafunanji? Ambiri a iwo nyimboyo ankaidziŵa kale, ena kuyambira ubwana wawo. Iwo ankadikira ng'oma zija, koma maso awo anali pa nkhope za mapasa. Akuluakulu anati tsabola wakale saŵaŵa. Nyimbo imene unaimva kambirimbiri siikuchititsanso tsemwe, ndipo palibe munthu angamve chinthu koyamba kaŵiri. Chotsala nkubwereka makutu a wina amene sanamvepo. Kholo lililonse limadziŵa zimenezi: tsiku limene munatenga mwana wanu kukaona nyanja koyamba, maso anu sanali pamadzi. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo woonerera watsopano amatimeta chizoloŵezi chimene chinaphimba zinthu zokongola zimene tili nazo.

Pansi pa chifukwa chimenechi pali china chozama. Chimwemwe cha munthu sichikwanira chikapanda mboni. Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 15, Ambuye akusimba za mayi amene anataya ndalama imodzi mwa khumi. Anayatsa nyale, nasesa nyumba yonse, naipeza. Nkhani ikanatha kuthera pamenepo, popeza chotayika chinali chitapezeka. Koma mayi uja sanakhale pansi nkumamwetulira yekha; anatuluka kukaitana anzake ndi anansi. Mbusa wa nkhosa yosokera anachitanso chimodzimodzi. Mulungu anatilenga chotero, kuti chabwino tikachipeza tifune wina woti achione nafe. Tsono taganizirani za mnyamata amene amakonda nyimbo zimene m'nyumba mwake palibe wina azikonda, kapena za mayi amene ali pantchito ku Johannesburg, m'kachipinda kalendi, kutali ndi abale. Usiku akatsegula lamya napeza nkhope ikusangalala ndi chimene iye amasangalala nacho, mtima umakhalako pansi. Sindingathe kumunyoza munthu wotere. Ludzu lake ndi loona.

Komatu ludzu loona ndilo amalidyerera amalonda. Anthu opanga mavidiyoŵa anazindikira msanga kuti pali maiko ena amene anthu ake amakondwa kwambiri mlendo akayamikira zawo. Mzungu akangodzijambula akudabwa ndi woimba wa dziko lakutilakuti, kapena akulaŵa chakudya chake, eni dziko amakhamukira kudzamuonerera ndi kumuthokoza. A ku Philippines, dziko la Akatolika ochuluka, anachita kuchipatsa dzina chizoloŵezichi: Pinoy baiting, ndiye kuti kuŵedza mwana wa dzikolo ndi nyambo ya chitamando. Ifenso nyambo imeneyi tikhoza kuimeza. Nyimbo ya Linny Hoo, imene Patience Namadingo anaijambulanso pamodzi ndi gogo Giddes Chalamanda m'chaka cha 2020, itafalikira pa TikTok m'maiko ambiri, tinanyadira, ndipo kunyadirako kunali koyenera. Koma gogoyo anali ataimba pakati pathu zaka makumi angapo. Nanga chifukwa ninji makutu athu amatseguka bwino pokhapokha akunja atagwedeza mutu? Pali kanthu kena komvetsa chisoni pamene mtundu wa anthu uyembekeza nkhope ya mlendo kuti iuuze ngati nyimbo zake nzokoma.

Apa tiyenera kulankhula za ndalama, pakuti ndizo zimaumba nkhope zimene ana athu akuziona. M'chaka cha 2018 YouTube inakhazikitsa lamulo lakuti wofuna kulandira ndalama za otsatsa malonda akhale ndi omutsatira 1,000, ndiponso kuti anthu akhale ataonerera mavidiyo ake maola 4,000 m'miyezi 12. Akakwanitsa, amalandira magawo 55 pa 100 alionse a ndalama za malonda otsatsidwa pa mavidiyo ake aatali. Tsono woimba amatha miyezi akupeka nyimbo, kulipira oimba anzake ndi nyumba yojambulira. Womvetsera amangofunika mpando, kamera ndi mphindi khumi. Palibe njira yachidule yodzazira maola 4,000 yoposa imeneyi. Koma kuti omutsatira asamuthaŵe, ayenera kutulutsa vidiyo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ayenera kudabwa. Akanena kuti nyimbo siinamukomere, okonda woimbayo amakwiya nachoka. Akalira misozi, amabwera ndi anzawo. Mapeto ake nyimbo iliyonse imakhala yoposa zonse zimene anamvapo, ndipo pachikuto cha vidiyo iliyonse pali pakamwa pomwe paja potsegula. Kodi munthu angadabwe kasanu ndi kaŵiri pa mlungu, chaka chathunthu, panthaŵi yoikika? Kudabwa kwa mapasa aja kunagwira anthu mtima chifukwa kunaoneka kosakonzekera. Kudabwa kukasanduka ntchito yolembedwa, kwasanduka seŵero, ndipo seŵero limene likudzitcha choona lili pafupi ndi bodza.

Mmene malondaŵa anakulira zinaonekera mu Januwale 2016, pamene abale a Fine aja anafuna kuti mawu akuti React akhale chizindikiro cha malonda awo, ndi kuti ena opanga mavidiyo ofanana ndi awo azitenga chilolezo kwa iwo. Anthu anakwiya, omutsatira zikwi mazanamazana anawachokera, ndipo pasanathe mlungu anapepesa nasiya maganizowo. Zoseketsa ndithu: kufuna umwini pa kudabwa kwa anthu! Koma funso la umwini lili ndi mbali ina yolemera. Kodi amene waonetsa ntchito ya mnzake yonse, iye nkumangogwedeza mutu pambali, sanabe? Nkhani yotere inafika kubwalo la milandu ku New York, pamene Matt Hosseinzadeh anasumira Ethan ndi Hila Klein chifukwa chogwiritsa ntchito zidutswa za vidiyo yake. Mu Ogasiti 2017 woŵeruza Katherine Forrest anagamula kuti aŵiriwo sanalakwe, popeza ankaonetsa kachidutswa, nkuimitsa, nkupereka ndemanga ndi chidzudzulo chawochawo. Koma woŵeruzayo anachenjeza kuti chigamulo chake sichikuyeretsa mavidiyo onse amtunduwu, pakuti ena amangofanana ndi gulu la anthu amene akhala pamodzi kuonerera kanema popanda chonena. Makampani aakulu a nyimbo ali ndi makina ozindikira katundu wawo ndi kulanda ndalama zake. Mmisiri wamng'ono kaŵirikaŵiri amangoona wina akukolola m'munda umene iye analima. Lamulo lachisanu ndi chiŵiri silinaleke kugwira ntchito chifukwa chakuti katunduyo ali pa intaneti.

Mzere umene woŵeruza uja analemba ukutithandiza ngakhale ife amene sitili maloya. Alipodi oonerera amene amabwera ndi kanthu m'manja. Elizabeth Zharoff, amene anaphunzira ndi kuimba nyimbo za opera, amaimitsa nyimbo kaŵirikaŵiri nkufotokoza pamene woimba wapumira, mmene watsegulira kummero, ndi chifukwa chake liwu lina latuluka lonenepa. Mphunzitsi wa kwaya ya paparishi akhoza kutolapo nzeru zenizeni. Winanso ndi Khaby Lame, wobadwira ku Senegal nakulira ku Italy, amene ntchito yake ya m'fakitale itatha mu Malichi 2020 anayamba kuyankha mavidiyo a anthu ochita zinthu zosavuta m'njira zovuta. Iye salankhula. Amangochita chinthu chomwecho m'njira yapafupi, natambasula manja, nkhope ili duu. Pofika Juni 2022 anali ndi omutsatira ambiri kuposa wina aliyense pa TikTok. Popanda liwu limodzi iye amadzudzula matama ndi kupusa, ndipo woonera amachoka atatsegukako maso. Anthu otereŵa ndi aphunzitsi ndi oŵeruza luso, ndipo ntchito yawo ndi yakale ngati luso lenilenilo. Vuto ndi lakuti ndi ochepa pakati pa chinamtindi cha ongoyasamula.

Komabe chondidetsa nkhaŵa kwambiri chili kwina, ndipo amene anachiona bwino ndi Augustino Woyera, zaka zoposa 1,600 zapitazo. M'buku lachitatu la Confessiones iye akukumbukira unyamata wake ku Carthage, pamene ankakonda maseŵero achisoni. Akudzifunsa chifukwa chimene munthu amafunira kumva chisoni poonerera zinthu zimene sangafune kuti zimugwere, ndipo akuona kuti woonerera saitanidwa kuti athandize ovutikawo. Amangoitanidwa kuti alire, ndipo akalira kwambiri amayamika woseŵera. Chifundo chotere chimakoma chifukwa sichilipiritsa kanthu. Tsono mavidiyo a masiku ano sathera pa nyimbo zokha. Alipo a anthu akuonerera ngozi za pamsewu, nkhondo, mabanja akukangana, munthu wosauka akuchititsidwa manyazi pagulu. Tsoka la munthu mmodzi lasanduka chakudya cha nkhope ya wachiŵiri, ndipo nkhope ya wachiŵiriyo yasanduka chisangalatso cha wachitatu. Amene wagwa m'mavuto uja ali kutali masitepe aŵiri, m'kachithunzi ka pakona. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya anangodutsa; sanaime kuti adzijambule akumva chisoni.

M'buku lachisanu ndi chimodzi Augustino akusimba za bwenzi lake Alypius, amene anapita ku Roma kukaphunzira malamulo. Mnyamatayu ankanyansidwa ndi maseŵero a anthu omenyana ndi malupanga mpaka kuphana. Tsiku lina anzake anamukokera kubwaloko mokakamiza, ndipo iye anawauza poyera kuti thupi lokha ndilo likakhale kumeneko. Atakhala pansi anatsinzina. Koma makutu sanatseke. Mmodzi mwa omenyanawo atagwa, khamu lonse linafuula, ndipo mfuu umenewo unamutsegula maso. Anaona magazi, naledzera nawo, nayamba kufuula pamodzi ndi anzake. Kuyambira pamenepo ankabwerera yekha, nkumakokanso ena. Taonani bwino chimene chinamugwetsa: asanaone kanthu, anamva mmene ena akulandirira. Mfuu wa gulu unamuuza kuti pano pali chokoma, ndipo mtima wake unatsatira. Mphamvu imeneyi ndiyo ili m'nkhope ya pagalasi. Imauza mwana wathu pamene ayenera kuseka, pamene ayenera kunyansidwa, amene ayenera kumunyoza, iye asanapeze mpata wofunsa mtima wake. Mwana amene chinthu chilichonse amachilandira chitatafunidwa kale ndi wina adzafika pokhala ndi maganizo pa zinthu zambiri popanda kuzilaŵa yekha. Alypius anapulumuka, nabatizidwa pamodzi ndi Augustino ku Milan m'chaka cha 387, nadzakhala episkopi wa ku Thagaste; koma bala la tsiku lija Augustino analiona kuti ndi lalikulu kuposa la munthu amene anagwa m'bwalo.

Palinso kusiyana kumodzi pakati pa mavidiyoŵa ndi bwalo la nthano lija, ndipo nkwakukulu. Ana akavomera, agogo amamva. Akaona kuti tulo tayamba kuwagwira amafupikitsa nkhani. Akaona mantha achuluka amaloŵetsa kalulu. Pa Misa wansembe akapereka moni, mpingo umayankha, ndipo iye amamva yankholo. Onse ali m'nyumba imodzi, pamaso pa Ambuye mmodzi. Nkhope ya pagalasi siimva. Inajambulidwa mwezi watha, ikuseka chimodzimodzi kwa anthu miliyoni, ndipo mnyamata wosungulumwa uja akadwala maŵa siidzabwera kudzamuzonda. Imapepuza kusungulumwa kwa ola limodzi monga mmene madzi a shuga amapusitsira njala. Choopsa nchakuti m'nyumba imodzi mukhoza kukhala anthu asanu, aliyense ali ndi lamya yake ndi mlendo wake womusekera, pamene wofunika kuseka naye wakhala pampando woyandikana.

Kodi tsono mavidiyoŵa ali ndi phindu? Kwa ine yankho ndi lakuti ena ali nalo, ndipo amadziŵika ndi zipatso ziŵiri: woonerera wanena chimene ife sitikanachiona patokha, ndipo tikamaliza timalakalaka kubwerera kunyimbo yeniyeniyo kapena kukaimvetsera ndi munthu wina. Mapasa a ku Gary anabwezera anthu ambiri kwa Phil Collins, ndipo anachita chinthu chimene chayamba kusoŵa: anakhala pansi namvetsera nyimbo ya makolo awo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ochuluka otsalawo amangotisunga pa nkhope yawo, kuti titsegule ina, kenaka inanso.

Mpingo sunatiuze kuti titaye zipangizozi. Chikalata cha Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican chotchedwa Inter Mirifica, chimene chinatuluka pa 4 Disembala 1963, chinaika udindo pa oŵerenga, oonera ndi omvera omwe, kuti azisankha zimene zili ndi ubwino, nzeru ndi luso, podziŵa kuti kusankha kwawo ndiko kumalemeretsa kapena kufooketsa opanga zinthuzo. Chinapemphanso achinyamata kuti aziyesa kumvetsa zimene aona, azikambirana ndi aphunzitsi ndi odziŵa, naphunzire kuŵeruza bwino. Abambo a Msonkhanowo ankaganiza za nyuzipepala, wailesi ndi kanema, koma malangizo awo akukwanira bwino pa lamya ya pakhonde ija. Kholo siliyenera kudziŵa Chingerezi chambiri kuti lichite zimenezi. Likhoza kukhala pambali pa mwana, nkumupempha kuti afunefune nyimbo yeniyeniyo popanda nkhope ya mlendo, amvetsere aŵiri mpaka ithe, kenaka nkumufunsa kuti, "Nanga iwe wamva chiyani?" Tsiku lina kholo limuyimbire nyimbo ya paunyamata wake, maso ali pa nkhope ya mwanayo. Mwina mwanayo adzadzidzimuka ngati mapasa aja. Mwinanso adzakwinya nkhope nkunena kuti, "Amayi, nyimbo yanuyi ndi yotopetsa," ndipo padzabuka mkangano wotha theka la ola, azakhali ndi agogo ataloŵererapo, nsima ikuzizira m'mbale.